Mbiri ya Mabungwe a Ubale m'Makoleji a ku America

Mlendo wofika pa makoleji ambiri akuru a ku America amaona chinthu china chimene chimamzizwitsa. Pafupi ndi nyumba zophunziriramo pamakhala mseu wa nyumba zazikuru zondandana, ndipo pamwamba pa khomo la nyumba iri yonse pamakhala zilembo ziwiri kapena zitatu za Chigriki. M'nyumbamo mumagona ndi kudyera pamodzi anyamata okha okha kapena atsikana okha okha, amene sanabadwe bere limodzi, ena ochokera kum'mawa, ena kumadzulo kwa dzikolo. Komabe amatchulana abale, ndipo analumbira kuti ubale wao sudzatha kufikira imfa. Bungwe la anyamata amalitcha fraternity, dzina lochokera ku mau a Chilatini akuti frater, ndiko kunena mbale wamwamuna. La atsikana amalitcha sorority, kuchokera ku soror, mbale wamkazi. M'nkhani ino onsewa adzatchedwa mabungwe a ubale.

Mabungwe amenewa akhala ndi moyo zaka 200 ndi kupyolapo. Atamandidwa, atembereredwa, aletsedwa, koma sanafe. Mbiri yao iri ndi phunziro kwa munthu ali yense wokonzekera kusunga ana a eni pa sukulu, pakuti ionetsa chimene ophunzira amachita pamene sukulu iwapatsa maphunziro koma osawapatsa mudzi. Amadzimangira mudzi wao okha. Ndipo kawiri kawiri pomanga mudziwo amayamba ndi mpanda, naikapo chitseko, nasankha amene adzalowa ndi amene adzaima kunja.

Koleji yopanda mudzi

Makoleji oyamba a ku America, monga Harvard imene inayamba m'chaka cha 1636, William and Mary mu 1693 ndi Yale mu 1701, anali ang'ono ang'ono, ndipo anali m'manja mwa atsogoleri a mipingo. Moyo wa wophunzira unali wa belu. Belu linali kumdzutsa m'mbandakucha kuti apite ku mapemphero, belu linali kumtumiza kukanena pamtima Chilatini ndi Chigriki chimene analoweza dzulo, ndipo belu lomwelo linali kumgoneka. Aphunzitsi anali ngati alonda, oyendera zipinda ndi kulipiritsa wolakwa. Mnyamata wamng'ono, wosiyana ndi makolo ache ulendo wa masiku ambiri, analibe bwalo lochezera kapena mkuru womfunsa za kumtima kwache.

Chifukwa chache ophunzira anayamba mabungwe a mtsutso ndi kuwerenga. Ku Yale kunali Linonia, loyamba mu 1753, ndi Brothers in Unity, loyamba mu 1768. Mabungwe otere anali kusonkhanitsa mabuku ao ao ndi kuchita mitsutso ya nkhani za dziko zimene sizinali kumveka m'kalasi. Khomo lao linali lotakata, pakuti pafupi fupi wophunzira ali yense anali kulowa lina la iwo.

Pa 5 Disembala 1776, chaka chomwe anthu a ku America analengeza kuti achoka mu ulamuliro wa Britain, ophunzira asanu a pa William and Mary, m'mudzi wa Williamsburg ku Virginia, anayamba bungwe la mtundu wina, ndipo mtsogoleri wao woyamba anali John Heath. Analitcha Phi Beta Kappa, ndizo zilembo zoyamba za mau atatu a Chigriki onena kuti kukonda nzeru ndiko kumatsogolera moyo. Nalonso linali la mtsutso, koma linaonjezapo zinthu zimene mabungwe obwera pambuyo pache anatengera: lumbiro la kusunga chinsinsi, mwambo wolandirira watsopano, chizindikiro cha siliva chovala, ndi kagwiridwe ka chanza kodziwika kwa abale okha. Linabala nthambi ku Yale mu 1780 ndi ku Harvard mu 1781.

Koma chinsinsi chinadza ndi mlandu. M'chaka cha 1826 munthu wina, William Morgan, wa ku Batavia m'dera la New York, ananena kuti adzasindikiza zinsinsi za gulu la anthu akuru akuru lochedwa Freemasons. Ndipo anagwidwa, nasowa, osaonekanso. Anthu anakwiya ndi magulu onse obisa miyambo yao, kotero kuti mu 1831 nthambi ya Phi Beta Kappa ya ku Harvard inaulula zinsinsi zache. Kuyambira pamenepo bungwelo linasanduka lolemekeza okhoza bwino maphunziro. Chitseko chinatsala, koma chotsegulira chache chinakhala nzeru ndi khama, zimene mwana wa mmphawi angathe kukhala nazo monga mwana wa wolemera. Mu 1875 nthambi ya ku Vermont inalandira akazi oyamba.

Kubadwa kwa mabungwe ochezera

Mabungwe amene adziwika lero anayambira pa Union College, ku Schenectady m'dera la New York. Kumeneko kunabadwa Kappa Alpha mu 1825, ndi Sigma Phi ndi Delta Phi mu 1827. Iwowa anatenga zilembo za Chigriki, lumbiro ndi chanza cha chinsinsi, koma cholinga chao chachikuru chinali chibwenzi. Anali ochepa dala, ndipo munthu sanali kulowa mwa kufuna kwache; anali kuyembekeza kuitanidwa. Mwambowu unawanda msanga ngati moto wa lupsa. Ku Hamilton College kunabadwa Alpha Delta Phi mu 1832, ndipo ku Miami University m'dera la Ohio kunabadwa Beta Theta Pi mu 1839 ndi Phi Delta Theta mu 1848.

Kuyambira pachiyambi, mabungwe ambiri anabadwa m'kusankhana ndi m'mikangano yache. Delta Kappa Epsilon linayamba ku Yale mu 1844 ndi anyamata osakondwa ndi masankhidwe a mabungwe awiri amene analipo kale. Mu 1855 nthambi ya bungwe lomwelo ya ku Miami, ya abale 12, inagawanika pakati. Bungwe la mtsutso la pa kolejiyo linafuna kusankha mlakatuli wache, ndipo mmodzi wa abale anaima nao pa chisankho. Asanu ndi mmodzi anati mbale ayenera kusankha mbale. Asanu ndi mmodzi ena anati ayenera kusankhidwa wodziwa ndakatulo, angakhale ali wakunja. Otsirizawa anaturuka nayamba Sigma Chi. Funso la tsiku limenelo, lakuti chiposa nchiani pakati pa ubale ndi chilungamo, silinachoke m'mabungwemo kufikira lero.

Otsutsa analipo. Ku Williams College, mu 1834, ophunzira ena anayamba bungwe lokana chinsinsi, limene pambuyo pache linatchedwa Delta Upsilon. Ku Princeton, kuyambira mu 1855, wophunzira ali yense anali kulemba dzina lache pa lonjezo lakuti sadzalowa bungwe lachinsinsi. Koma kuletsa sikunaphe njala imene inabala mabungwewo. Anyamata a pa Princeton anayamba magulu odyera pamodzi, loyamba lokhazikika ndilo Ivy Club la mu 1879, ndipo maguluwo anasankhana mouma mtima monga mabungwe oletsedwa aja. Mu 1907 mkuru wa kolejiyo, Woodrow Wilson, anayesa kuwathetsa kuti ophunzira onse agone ndi kudya m'nyumba za koleji, koma ophunzira akale olemera anamkaniza, ndipo anagonja. Munthu amene pambuyo pache anakhoza kukhala Pulezidenti wa dziko lonse analephera kutsegula zitseko za nyumba zodyeramo anyamata.

Nyumba, mbale ndi timipira takuda

Chimene chinalimbitsa mabungwewa koposa ndicho nyumba. Cha m'ma 1840 abale a Chi Psi ku Michigan anadzimangira kanyumba ka mitengo m'nkhalango, kosonkhaniramo kutali ndi maso a aphunzitsi. M'zaka zotsatira makoleji ambiri anatsata chitsanzo cha mayunivesite a ku Germany, amene anali kunena kuti ntchito yao ndi kuphunzitsa kokha, ndipo kogona ndi chakudya wophunzira adzionere yekha. Henry Tappan, amene anakhala mkuru wa Michigan mu 1852, anasandutsa zipinda zogona kukhala zophunziriramo. Tsono ophunzira anachuruka, kogona kunachepa, ndipo mabungwe analowa m'mpatamo. Abale akale amene analemera anasonkha ndalama namanga nyumba zazikuru zokhala ndi wophika. Motero bungwe limene linayamba ngati kusonkhana kwa madzulo amodzi pa sabata linasanduka kwao kwa wophunzira.

Masankhidwe ache anakhazikika chotere. Poyamba chaka pamakhala masiku amene ophunzira atsopano amayendera nyumbazo, ndipo abale amawapenyetsetsa kabvalidwe, kalankhulidwe ndi mbiri ya makolo ao. Kale, pofuna kuweruza, anali kuyendetsa bokosi, mbale ali yense naponyamo kampira koyera kapena kakuda mosaonetsa. Ndipo m'mabungwe ambiri kampira kakuda kamodzi kapena tiwiri tinali kukwanira kutsekera munthu kunja, popanda wofunsidwa chifukwa. Woitanidwa amakhala nthawi ya kuyesedwa, aphunzira mbiri ndi malamulo a bungwe natumikira akuru ache, kufikira usiku wa mwambo pamene amuuza zinsinsi nambveka chizindikiro. Amalipira msonkho chaka ndi chaka, ndipo mwana wa mbale wakale kawiri kawiri amalandiridwa patsogolo pa ena.

Kwa wolowa, phindu lache liri loona, ndipo sikuyenera kulichepetsa. Akuru anati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu. Mnyamata wosungulumwa apeza pogona, chakudya, mkuru womthandiza masamu, ndi anzache omdwazika akadwala. Atatsiriza maphunziro, chizindikiro cha pa chifuwa chache chimtsegulira makomo a maofesi m'midzi imene sanafikemo ndi kale lonse, pakuti abale akale amaitana abale atsopano ku ntchito. Atsogoleri a dziko monga Theodore Roosevelt, Gerald Ford, George Bush wamkuru ndi mwana wache George W. Bush anali onse a Delta Kappa Epsilon. Pa koleji pomwe, mabungwe anali kugwirizana posankha atsogoleri a ophunzira, ndipo magule ndi maphwando ambiri anali kuchitikira m'nyumba zao.

Koma pamene pali phwando la oitanidwa palinso oimirira pazenera. Abale anali kudzitcha Agriki, ndipo otsala kunja anali kuwatcha barbarians, monga Agriki akale anali kutchulira anthu a mitundu ina osadziwa chinenero chao. Wophunzira wopanda ndalama za msonkho, kapena wa makolo osadziwika, anali kuphunzira m'sabata yache yoyamba kuti koleji iri ndi anthu a mitundu iwiri, ndipo iye ali wa mtundu wapansi. Phunziro limeneli silinalembedwe m'buku liri lonse, koma linali kulowa msanga kuposa Chilatini.

Otsekeredwa amanga nyumba zao

Oyamba kugogoda pa chitseko anali akazi. Ku Wesleyan Female College, ku Macon m'dera la Georgia, atsikana anayamba bungwe lao lachinsinsi mu 1851. Koma nkhondo yeni yeni inali m'makoleji amene anayamba kuphatikiza amuna ndi akazi. Bettie Locke anali mmodzi wa atsikana oyamba kulandiridwa pa Indiana Asbury mu 1867, pamene anyamata ambiri anali kunyoza mkazi wofuna maphunziro apamwamba. Abale a Phi Gamma Delta, bungwe la mlongo wache, anampempha kuti abvale chizindikiro chao. Iye anayankha kuti adzabvala akamlowetsa monga mbale weni weni ndi kumuuza tanthauzo lache. Anyamatawo anakana, nampatsa mphatso ya dengu la siliva m'malo mwache. Pamenepo iye ndi anzache atatu anayamba Kappa Alpha Theta pa 27 Januwale 1870.

Mabungwe a akazi anachuruka. Dzina lakuti sorority linapekedwa mu 1882 ndi Frank Smalley, mphunzitsi wa Chilatini pa Syracuse, potchula Gamma Phi Beta. Poyamba atsikanawa anali kulimbikitsana kukhoza mayeso, kuti pasapezeke wonena kuti mutu wa mkazi sungasenze maphunziro. Koma pamene akazi anazolowereka pa koleji, mabungwe ao anayamba kusankha potsata maonekedwe, chuma ndi banja. Iwo amene anadziwa kuwawa kwa chitseko anaikanso chitseko pa nyumba yao.

Zinatero ndi mipingo ndi mitundu. M'makoleji mutayamba kulowa ana a Akatolika, a Ayuda ndi a anthu akuda, mabungwe ambiri akale analemba m'malamulo ao kuti mbale ayenera kukhala mzungu ndi Mkristu. Ena sanalembe, koma kampira kakuda kanali kugwira ntchito yomweyo. Tsono Akatolika a pa Brown University anayamba Phi Kappa mu 1889, ndipo Ayuda a ku New York anayamba Zeta Beta Tau mu 1898.

Kwa ophunzira akuda chitseko chinali cholemera koposa, pakuti m'malo ambiri anali kuwakaniza ndi nyumba zogona zomwe. Pa Cornell University, ku Ithaca, anyamata akuda owerengeka anayamba kagulu kothandizana maphunziro kuti pasakhale wobwerera kwao asanatsirize, ndipo pa 4 Disembala 1906 asanu ndi awiri a iwo anakasandutsa Alpha Phi Alpha. Pa Howard University, ku Washington, panabadwa bungwe la akazi la Alpha Kappa Alpha mu 1908, Omega Psi Phi mu 1911, Delta Sigma Theta mu 1913, Phi Beta Sigma mu 1914 ndi Zeta Phi Beta mu 1920. Kappa Alpha Psi linabadwa pa Indiana University mu 1911. Ndipo wophunzira uphunzitsi ayenera kukumbukira Sigma Gamma Rho, limene linayambidwa pa Butler University ku Indianapolis mu 1922 ndi atsikana asanu ndi awiri amene anali aphunzitsi a sukulu, m'masiku amene gulu lodana ndi anthu akuda la Ku Klux Klan linali ndi mphamvu yaikuru m'dera limenelo.

Mabungwe amenewa anatenga miyambo yonse ya akale aja, koma anayang'anitsa nkhope zao kunja. Pa 3 Malichi 1913, pasanathe miyezi iwiri chibadwire bungwe lao, atsikana a Delta Sigma Theta anayenda nao m'miseu ya Washington pa chionetsero chofuna kuti akazi aloledwe kuponya voti. Cha m'ma 1920 Alpha Phi Alpha linayamba kuyendera ana akuda kuwalimbikitsa kuti asalekere sukulu panjira. Kuyambira mu 1935 Alpha Kappa Alpha linali kutumiza anthu ache ku Mississippi chaka ndi chaka, motsogozedwa ndi dotolo wamkazi Dorothy Ferebee. Ndipo pamene eni minda ya thonje anakaniza antchito ao kupita ku malo a mankhwala, akaziwo anapakira mankhwala m'magalimoto ao nakatemera ana m'mindamo.

Thurgood Marshall, loya amene anapambana mlandu wa mu 1954 wothetsa kupatula ana akuda m'sukulu za boma, anali wa Alpha Phi Alpha, monganso Martin Luther King. Kamala Harris, wachiwiri kwa Pulezidenti kuyambira 2021 kufikira 2025, analowa Alpha Kappa Alpha ali pa Howard. Ana a mu Africa ophunzira kumeneko analandiridwanso: Kwame Nkrumah wa ku Ghana ndi Nnamdi Azikiwe wa ku Nigeria anali a Phi Beta Sigma. Komabe mabungwewa sanapulumuke ku nthenda ya anzao. Mu 1957 E. Franklin Frazier, mphunzitsi wakuda wa pa Howard pomwepo, anawadzudzula m'buku lache lochedwa Black Bourgeoisie chifukwa cha kudzikuza ndi kumwaza ndalama pa maphwando.

Nkhondo ya pa chitseko

Itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, lamulo la mu 1944 lolipirira asilikari maphunziro linadzaza makoleji ndi amuna okhwima, amene anali atamenyana ndi ulamuliro wonena kuti mtundu wina uposa unzache. Ambiri a iwo sanathe kumvetsa malamulo a tsankho m'mabungwe. Mu 1948 nthambi ya Phi Kappa Psi ya pa Amherst College inaitana wophunzira wakuda. Akuru a bungwe lonse anailamula kuti ibweze chiitanocho, koma anyamatawo anakana. Ndipo anachotsedwa m'bungwe, nalandira mnzaoyo pansi pa dzina latsopano. Apa panaoneka chinthu chodabwitsa, kuti kawiri kawiri ana anali okonzeka kutsegula, ndipo ogwira chitseko anali akuru amene anachoka pa koleji kale kale.

Mu 1953 State University of New York inalamula kuti mabungwe a m'makoleji ache aleke tsankho ndi kuduka ku maulamuliro ao a kunja. Mu 1954 ophunzira a pa Dartmouth anaponya voti kuti malamulo a tsankho achoke pofika 1960. Mu 1965 nthambi ya Sigma Chi ya pa Stanford inaimitsidwa itangoitana wophunzira wakuda, ngakhale akuru a bungwe anapereka zifukwa zina. Pang'ono pang'ono mau a tsankho anafafanizidwa m'mabuku a malamulo. Koma kufafaniza mau nkwapafupi, kusintha mtima nkwapatali. Mu Seputembala 2013 nyuzipepala ya ophunzira a pa University of Alabama inaulula kuti atsikana akuda anali kukanidwabe m'mabungwe a azungu, ndipo atsikana a m'mabungwemo ananena kuti akuru ao akale ndiwo anali kuletsa. Zitamveka izi, atsikana akuda angapo analandiridwa m'masabata otsatira.

Makoleji ena anaganiza zozula mtengo ndi mizu yomwe. Mu 1962 akuru a Williams College anaona kuti ophunzira ao ochuruka ndithu anali kudya m'nyumba za mabungwe, ndipo anabvomereza kuti koleji inasiyira ena ntchito yache. Sanathamangire kuletsa monga Princeton. Anayamba ndi kutenga udindo wogoneka ndi kudyetsa wophunzira ali yense, ndipo pofika 1970 mabungwe anali atatha. Amherst ndi Colby anawathetsa mu 1984, ndipo Bowdoin inagamula zomwezo mu 1997. Koma m'makoleji akuru ambiri alipobe. Lamulo la mu 1972 loletsa kusiyanitsa amuna ndi akazi pa maphunziro likadawagwetsa, koma mu 1974 nyumba ya malamulo inawapatula, kuti apitirire kukhala a amuna okha kapena akazi okha.

Palinso mlandu wina wolemera, ndiwo wa kuzunza oyesedwa. Popeza kulowa kuyesedwa chinthu cha mtengo wapatali, abale amafuna kuti wolowa alipire ndi thupi lache, monga iwonso analipira. Mu 1873 mnyamata wa pa Cornell, amene anamtengera ku thengo usiku pa mwambo wa Kappa Alpha, anagwa m'phompho nafa. Mu Febuluwale 2017, pa Pennsylvania State University, mnyamata wina anamwetsedwa mowa wambiri pa usiku wolandiridwa ku Beta Theta Pi, nagwa pa makwerero. Ndipo iwo amene anati adzakhala abale ache anachedwa maola pafupi fupi 12 asanaitane thandizo, kotero kuti anamwalira. Dera la Pennsylvania linakhwimitsa lamulo lache mu 2018, ndipo mu Disembala 2024 kunakhazikitsidwa lamulo la dziko lonse lokakamiza makoleji kuulula nkhanza zotere. Pakati pa imfa ziwirizo panapita zaka 144, ndipo chimene chinasunga nkhanzazo nthawi yonseyo ndicho lumbiro la kukhala chete.

Chimene mphunzitsi angatolepo

Mphunzitsi wa ana ang'ono sadzaona zilembo za Chigriki pa khomo la kalasi yache, koma mbeu yache ya zonsezi adzaiona pa bwalo la masewera. Adzaona ana atatu amene ali ndi chinsinsi chao, ndi wachinai amene amuuza kuti achoke. Adzaona atsogoleri awiri alikusankha anzao a mpira, ndi mwana mmodzi yemweyo wotsalira tsiku ndi tsiku, chifukwa malaya ache ngong'ambika kapena chifukwa kwao nkwina. Adzaona ana akale alikusautsa wobwera kumene, nanena kuti iwonso anachitidwa chomwecho. M'mera mpoyamba, kampira kakuda ka pa koleji kamayambira pamenepo.

Mbiri iyi ionetsa kuti kuletsa kokha sikuthandiza, pakuti Princeton inaletsa ndipo tsankho linangosintha dzina. Ana sapangana magulu chifukwa cha kuipa mtima. Amafuna pokhala pamene adziwika ndi dzina ndi pamene wina adzafunsa akasowa. Chofunacho ncholungama, ndipo mphunzitsi wopasula chibwenzi cha ana alimbana ndi chilengedwe. Williams inakhoza chifukwa inayamba yapereka chimene mabungwe anali kupereka. Momwemonso mphunzitsi amene adziwa dzina la mwana ali yense, napereka mwana watsopano m'manja mwa mnzache womsunga, nagawa yekha magulu a ntchito ndi a masewera ndi kuwasintha kawiri kawiri, amachotsa njala imene imabala mipanda.

Ionetsanso kuti gulu liyesedwa ndi kumene layang'ana. Mabungwe amene anayang'ana m'kati anatha mphamvu zao posunga chitseko. Amene anayang'ana kunja anatemera ana m'minda ya thonje ndi kubweza ana ku sukulu. Kagulu ka ana okondana kangapatsidwe ntchito yothandiza mnzao wochedwa kuwerenga kapena yoyendera mnzao wodwala, ndipo chikondi chao chidzakula popanda wolira kunja. Kotsiriza, mphunzitsi akumbukire za ku Amherst ndi ku Alabama, kumene ana anafuna kutsegula ndipo akuru anatseka. Ana amaphunzira kusankhana poona amene mphunzitsi wao amamwetulira ndi amene amamdumpha pofunsa mafunso. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo m'kalasi ya ana 60 kapena 80 mwambi umenewu uyesedwa m'mawa uli wonse, poitana maina.